Kunyamula malata aatali pa pikiapu kuchokera mu Mzuzu, chitseko chakumbuyo chili chotsitsa

Aliyense wofuna kunyamula malata kapena matabwa aatali pa pikiapu ayambe wagula zingwe zake zolimba ndi nsalu yofiira asanafike kusitolo, chifukwa malonjezo a ogulitsa ena ndi apakamwa chabe. Ine ndinkapititsa malata a 12 fiti, geji 28 (geji ndi muyeso wa kukhuthala kwa lata), ku Nkhata Bay kumene tikufolera nyumba ya mayi anga. Lata lotere limatalika pafupifupi mamita 3.7, pamene bodi ya pikiapu ya kabu imodzi imangopitirira pang'ono mamita awiri, choncho palibe kuchitira mwina koma kutsitsa chitseko chakumbuyo, chimene chimawonjezera pafupifupi theka la mita, ndipo mbali yotsalayo imatulukira kunja.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi sitolo imene ndinagulako. Ndinalipira m'mawa ndithu, atanditsimikizira kuti kupakira ndi kumanga ndi udindo wawo, koma risiti itangotuluka ndipamene anandiuza kuti malatawo ali kunyumba yosungiramo katundu, ndipo wosunga makiyi watalikira pang'ono. Ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndikafunsa ankangoyankha kuti, "Musadandaule bwana, akubwera pompano." Atafika mwini makiyiyo, anyamata opakira anafuna ndalama yawo yapadera imene sinalembedwe paliponse, kenaka anabweretsa malegeni ong'aluka kuti amangire malata olemera chotero. Ndalamayo sinali yambiri, koma kubisira munthu mtengo mpaka atalipira ndi khalidwe loipa, ndipo kuchedwako kunachititsa kuti ndinyamuke nkhungu itayamba kutsika, pamene aliyense wokhala mu Mzuzu amadziwa mmene msewu wa M5 wopita ku Nkhata Bay ulili ndi makona komanso zitsetse. Musapereke ndalama musanaone malata anu ndi maso, ndipo mufunsiretu kuti wolipira opakira ndani.

Malegeniwo ndinawakana, ndinatulutsa zingwe zanga. Pansi tinayala matabwa awiri aatali kuti malata asapindikire pamphepete pa chitseko, malatawo tinawakankhira mpaka kukagunda kukabu, ndipo matumba a simenti, lililonse la makilogalamu 50, tinawasanja pamwamba pake chakutsogolo. Simenti kapena katundu aliyense wolemera asakhale pachitseko, popeza chimangogwiridwa ndi mahinjesi ndi tizingwe tiwiri tachitsulo, ndipo galimoto ikagwa m'dzenje tizingweto tikhoza kuduka. Kulemera kukachuluka kuseri kwa mateyala akumbuyo, kutsogolo kumapepuka ndipo chiwongolero sichimveranso bwino.

Zingwe zopingasa pamwamba sizikwanira pazokha. Pamafunika china chozungulira kumapeto kwa malata n'kubwerera kukamangidwa pa ngowe zakutsogolo kwa bodi, chifukwa pokwera chitunda malata amaterereka okhaokha ngati mapepala. Pamene chingwe chikukhudza mphepete mwa lata muikepo katoni wopinda, apo ayi chidzadulidwa musanafike patali. Ndibwerezenso kuti zingwezo zikhale zanu, zimene mukuzidziwa mphamvu yake.

Nsalu yofiira ija ndinaimanga kumapeto kwenikweni anyamata aja asanamalize n'komwe, kuti wobwera kumbuyo, makamaka a njinga zamoto amene amakonda kuyandikira kwambiri, aone pamene katundu wathera. Ndinabwereranso chammbuyo mapazi angapo kuti ndione ngati nambala ya galimoto ndi magetsi a mabuleki zikuoneka, chifukwa chitseko chotsitsa pamodzi ndi katundu wotulukira zimatha kuziphimba. Apolisi apamsewu atandiimitsa anayang'ana zomwezo, nsalu, nambala, kamangidwe, laisensi ndi inshuwalansi, ndipo wapolisiyo atagwedeza chingwe anangoti, "Pitani bwino bambo, koma muziyenda pang'onopang'ono." Usiku nsalu sioneka, n'chifukwa chake tsiku limene anandithera kusitolo lija likundiwawabe mpaka pano.

Nditangotuluka mumzinda ndinaima pamalo otakasuka n'kukunganso zingwe zonse, popeza katundu akagwedezeka amakhazikika ndipo zingwe zimalefuka. Mnyamata amene ankandithandiza anafuna kukhala kubodi kuti azigwira malata, koma ndinamuuza kuti, "Achimwene, lowani kutsogolo kuno." Lata likaseguka ndi mphepo limadula munthu, ndipo chitseko chikakhala chotsitsa palibe chomutchinga kuti asagwe.

Pobwerera, bodi ili yopanda kanthu, chitseko ndinachitseka. Madalaivala ena amanena kuti kuchisiya chotsitsa kumapulumutsa mafuta, koma si zoona, chifukwa chikakhala chotseka mphepo imazungulira m'bodimo ndipo ina imangodutsa pamwamba pake. Chikakhala chotsitsa popanda katundu wochipanikiza chimangodumphadumpha m'mabampu, mahinjesi n'kumatha, ndiponso miyala yothamangitsidwa ndi mateyala imachikalakala utoto.