Wayanad: Boma Limene Madzi Ake Amalowera Kum'mawa

Dzina la Wayanad ndinayamba kulimva pa 30 Julayi 2024, tsiku limene phiri linagumuka usiku n'kukwirira midzi ya Mundakkai ndi Chooralmala kumwera kwa dziko la India, anthu oposa 200 n'kutaya miyoyo. Nkhani ya ngoziyo itazilala, ine ndinatsalabe ndi mapu a bomalo m'manja, chifukwa ndinaonapo chinthu chimene chinandidabwitsa: boma limeneli lili pansi pa ulamuliro wa Kerala, chigawo cha m'mphepete mwa nyanja kumadzulo, koma nthaka yake inapendekera kum'mawa.

Kerala ndi dera lalitali koma lopapatiza, lopanikizika pakati pa nyanja ya Arabia ndi mapiri a Western Ghats. Mwa mitsinje yake 44, mitsinje 41 imatsikira kumadzulo n'kukathira m'nyanja, ndipo itatu yokha ndiyo imalowera kum'mawa. Umodzi mwa itatuyo ndi Kabini, umene umayambira m'boma la Wayanad pamene mitsinje ya Panamaram ndi Mananthavady imakumana, kenako umalowa m'chigawo cha Karnataka n'kukathira mu Kaveri. Zili choncho chifukwa Wayanad sali m'munsi mwa mapiri monga mmene alili maboma ambiri a Kerala, koma ali pamwamba pake, pamalo okwera kuyambira mamita 700 kufika pafupifupi 2,100 pansonga ya phiri la Chembra. N'chifukwa chake kumeneko n'kozizira kusiyana ndi kunyanja ngakhale kuti ndi dziko lotentha, ndipo khofi, tiyi ndi tsabola wakuda zimakula bwino. Bomali ndi lalikulu masikweya kilomita oposa pang'ono 2,100, ndipo ndi lokhalo mu Kerala limene limachita malire ndi zigawo ziwiri, Karnataka ndi Tamil Nadu.

Munthu wochokera kumzinda wa Kozhikode kupita ku Kalpetta, likulu la bomali, amakwera msewu wa Thamarassery umene uli ndi makona asanu ndi anayi okhota kwambiri. Njanji kulibe m'boma lonse. Kum'mawa njira n'njosavuta, koma imadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Bandipur, kumene kuyambira mu 2009 magalimoto ambiri saloledwa kuyenda usiku pofuna kuteteza nyama.

Mtunda umenewu ndiwo unachititsa kuti bomali likhazikitsidwe. Chigawo cha Kerala chitapangidwa mu 1956, dera la Wayanad linagawidwa pawiri, kumpoto kukhala pansi pa boma la Kannur ndipo kumwera pansi pa Kozhikode. Malikulu onse awiriwo anali kunyanja, kutanthauza kuti munthu wofuna kuonana ndi akuluakulu a boma ankayenera kutsika phiri. Pa 1 Novembala 1980 mbali ziwirizo zinaphatikizidwa n'kukhala boma lachikhumi ndi chiwiri la Kerala. Ine ndikuona kuti apa olemba malire anamvera nthaka, ndipo anachita bwino, ngakhale kuti zinawatengera zaka zoposa makumi awiri.

M'kati mwa bomali kagawidwe kake si kamodzi ayi, ndipo apa ndi pamene ndinakhalitsa ndi mapu. Pa nkhani za malo, misonkho ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, Wayanad anagawidwa m'madera atatu otchedwa taluk: Mananthavady kumpoto, Sulthan Bathery kum'mawa ndi Vythiri kumwera chakumadzulo. Maderawa ali pansi pa bwanamkubwa wa boma, amene kumeneko amamutcha Collector, ndipo iyeyu sasankhidwa ndi anthu koma amatumizidwa ndi boma la chigawo cha Kerala. Dzina la Sulthan Bathery, ndingonena podutsa, linachokera kwa Tipu Sultan, wolamulira wakale wa ufumu wa Mysore, amene asilikali ake ankasunga zida m'kachisi wakale wa m'tauniyo. Pa nkhani za chitukuko pali kagawidwe kena, ka makhonsolo osankhidwa ndi anthu otchedwa panchayat. Makhonsolo a midzi alipo 23, ndipo anasonkhanitsidwa m'magulu anayi, a Kalpetta, Mananthavady, Panamaram ndi Sulthan Bathery, pamene matauni atatu ali ndi makhonsolo awoawo. Popeza magulu anayi sangalingane ndi madera atatu, malire a ziwirizi amadutsana, ndipo mlimi wa mudzi umodzi akhoza kukalembetsa munda wake kutauni ina, za msewu wa m'dera lake n'kukazidandaula kwina.

Kalembera wa mu 2011 anapeza kuti m'bomali munali anthu 817,420, chiwerengero chochepa kuposa cha boma lina lililonse mu Kerala. Pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse ndi wa mitundu ya eni nthaka akale monga Paniya, Kurichiya ndi Kuruma, ndipo mwa mipando itatu imene bomali lili nayo m'nyumba ya malamulo ya Kerala, iwiri, ya Mananthavady ndi Sulthan Bathery, inasungidwira anthu a mitundu imeneyi. Kuchepa kwa anthu kunabweretsa chinthu china chachilendo: dera la phungu wa kunyumba ya malamulo ya dziko lonse, limene limatchedwanso Wayanad, n'lalikulu kuposa bomalo, chifukwa linatenga Thiruvambady m'boma la Kozhikode komanso Eranad, Nilambur ndi Wandoor m'boma la Malappuram. Choncho Priyanka Gandhi Vadra, amene anapambana mpandowo mu Novembala 2024, amaimiranso anthu ambiri okhala m'munsi mwa mapiri.

Poyamba ndinkaganiza kuti kulumikiza dera la pamwamba ndi la m'munsi m'njira imeneyi kunali kungofuna kukwanitsa chiwerengero cha ovota. Kenako ndinabwerera ku Mundakkai, mudzi wa m'khonsolo ya Meppadi ku Vythiri, n'kuona kuti ngodya imeneyi ya bomali siitsata Kabini. Madzi ake amatsika phiri n'kukalowa mumtsinje wa Chaliyar, ndipo matupi ambiri a anthu amene anakokoloka usiku uja anakapezeka ku Nilambur, m'boma la Malappuram.