Kugula DAC ya foni kwandithera mphamvu

Tsopano mahedifoni anga akulira bwino, koma kuti ndifike apa mtima unandiwawa. Foni yanga ilibe kabowo ka 3.5 mm. Chichotsereni Apple kabowoka pa iPhone 7 mu 2016, makampani ena anatsatira, ife okonda mahedifoni a chingwe n'kutsala ndi bowo lochajira lokha.

Musanatulutse ndalama, funsani ngati kachingwe kolumikizira mahedifoni pabowo lochajira kamene mukufunako kali ndi kachipu mkati. Tizingwe ta USB-C tilipo ta mitundu iwiri ndipo kunja timaoneka chimodzimodzi. Kena kali ndi kachipu kosandutsa manambala a nyimbo kukhala mawu omveka m'khutu, DAC tikunenayo ndi imeneyo. Kena ndi mawaya basi, kamadalira kuti foniyo itulutse yokha mawu pabowo lochajira, zomwe mafoni ambiri, monga a Pixel ndi a Galaxy atsopanowa, sachita. Wogulitsa wina anandipatsa ka mawaya okhaokhako, uku akulumbira kuti kamagwira pafoni iliyonse. Nditakalumikiza, nyimbo inangopitiriza kulira pasipika ya foni.

Tsiku lobweza ndiye linandipsetsa mtima. Anati ndidikire bwana. Ndinadikira mpaka miyendo kuwawa. Bwanayo atabwera anakalumikiza pafoni yake, kanalira, n'kundiyang'ana ngati wabodza ndine. "Bambo, vuto ndi foni yanuyi." Ndinafotokoza kuti mafoni amasiyana, iwo n'kusintha nkhani, akuti paketi mwang'amba. Nanga chinthu ungachiyese bwanji chili m'paketi? Tsiku lonse linapita, ndalama sanabweze, anangondisinthira ndi kena, n'kuwonjezera ndalama pamwamba. Funsani za kachipu, anthuni. Akayamba kuzungulira poyankha, chokanipo.

Komabe kachingwe katsopanoko sikanathetse zonse. Mahedifoni anga ndi Beyerdynamic DT 770 a 250 ohm, ndipo ngakhale voliyumu ifike kumapeto ankamveka ngati wailesi ya kwa aneba. Apa ndi pamene ampulifaya, chipangizo chowonjezera mphamvu ya mawu, imafunika. Timahedifoni tolowetsa m'khutu ta 16 kapena 32 ohm sitifuna zambiri, kachingwe kotchipa kokhala ndi DAC kamatikwanira, ndipo mukatipatsa ampulifaya yaphokoso mumamva kuti tsiii nyimbo ikangoima. Koma a 250 ohm, kapena Sennheiser HD 600 a 300 ohm, amafuna chipangizo chotulutsa mavoti awiri kapena kuposerapo. Onaninso nambala yosonyeza kuti mahedifoniwo amafuula bwanji akalandira mphamvu, chifukwa alipo ena a ma ohm ochepa koma ovuta kuwakankha. Ngakhale kachingwe ka Apple ka USB-C kamasiyana: kogulitsidwa ku America kamatulutsa voti imodzi, ka ku Europe theka lake.

Manambala a pabokosi, zija za 32-bit ndi 384 kHz, asakukopeni. CD ndi 16-bit pa 44.1 kHz ndipo makutu anga sanadandaulepo. Mafoni ambiri a Android amasinthira mawu onse ku 48 kHz, pokhapokha mutagwiritsa ntchito pulogalamu ngati USB Audio Player Pro. Zoti kachipu ndi ka kampani ya ESS kapena Cirrus Logic, kwa ine ndi mikangano ya anthu osowa chochita. Chofunika ndi mphamvu yotuluka komanso kuti pasamveke tsiii.

Ndayiwala za OTG, njira yolola foni kugwiritsa ntchito zipangizo zolumikizidwa pabowo la USB. Mafoni ena sazindikira DAC mpaka mutayatsa OTG m'masetingi, ndipo imadzizimitsa yokha pakapita mphindi 10 popanda cholumikizidwa. Kachingwe kakangokhala chete, yambirani kumeneko musanapite kukakangana ndi wogulitsa. Koma ngati mulibe kachipu mkatimo, OTG sithandiza kanthu.

DAC yopanda batire yakeyake imadya batire ya foni, ndipo foni yokhala ndi bowo limodzi imavuta kuichaja uku mukumvera. Ndinaganizirako ma DAC a Bluetooth monga Qudelix 5K ndi FiiO BTR5, omwe ali ndi batire yawo ndipo amalandira LDAC, njira yotumizira mawu pa Bluetooth yomwe imafika 990 kbps. Eni iPhone adziwe kuti foni yawo ilibe LDAC, imatumiza ndi njira ina yotchedwa AAC. Ine zochaja zinthu ziwiri usiku uliwonse sindinazifune.

Ndinasankha DAC yaing'ono ya USB-C yotulutsa mavoti awiri pabowo la 3.5 mm. Ilinso ndi bowo la 4.4 mm lamphamvu kwambiri, koma limafuna mahedifoni ndi chingwe chopangidwira bowolo. Musayese kulumikiza pulagi wamba ya 3.5 mm pamenepo ndi adaputa, mutha kuwononga ampulifaya. Chomwe chikundisowetsabe mtendere n'chakuti yangayi silandira maikolofoni ya pachingwe, ndiye amene mumayankha mafoni pafupipafupi mufunsiretu zimenezo.