Intaneti yapanyumba ikafa, musathamangire kubaya kabowo ka Reset

WiFi ndi intaneti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Foni imatha kuonetsa timizere tonse ta WiFi pomwe uthenga wa WhatsApp wangoima pa kawotchi. Zikatero ndiye kuti foni ndi rauta (kabokosi kotulutsa WiFi) zikumvana bwinobwino, koma rautayo sikutulukira kunja. Choncho musanakhudze chilichonse, pezani kaye pomwe padukira: pafoni, pa rauta, kapena panjira ya ku kampani.

Yesani foni ina kapena laputopu. Ngati zinazo zikuyenda, isiyeni rauta, ilibe mlandu. Pafoni yovutayo dinani Forget pa dzina la WiFi n'kulowanso ndi pasiwedi. Pa kompyuta ya Windows tsegulani cmd (kawindo kolembamo malamulo a kompyuta) mulembe ipconfig. Mukaona nambala yoyamba ndi 169.254, kompyutayo sinalandire adiresi kuchokera ku rauta. Zimitsani WiFi yake n'kuyatsanso, kapena sinthani chingwe cha LAN, cholumikiza kompyuta ndi rauta.

Ngati zonse zakana, yambani mwaona ngati bandulo ilipo. N'zochititsa manyazi, koma rauta zina zomwe amati zafa zimakhala kuti ana amaliza bandulo pa YouTube.

Kenako zulani pulagi ya rauta pakhoma, dikirani masekondi 30, bwezerani, muipatse mphindi zitatu. Uku mukudikira, penyani timagetsi ta patsogolo. Ngati ka Power kakuphethira, kapena rauta ikumangozima n'kuyakanso yokha, kayikirani adaputala musanakayikire rauta. Zambiri zimafuna 12V, ndipo ma ampu ake alembedwa pa chomata cha pansi, kawirikawiri 1A kapena 2A. Magetsi akamathimathima n'kubwera mwamphamvu, adaputala ndi imene imayamba kufooka: imayatsa nyali koma ikafika poti ikoke netiweki, mphamvu imaperewera. Pogula ina, ma volti akhale omwewo ndendende. Ma ampu akhoza kuposa koma asachepe. Adaputala ya dikoda musangoibaya chifukwa choti mutu wake walowa.

Kwa amene rauta yawo imayendera simu ya TNM kapena Airtel, nkhani yaikulu ndi malo omwe mwaiika. Lowani m'kati mwake polemba adiresi yake pa Chrome: za Huawei zambiri ndi 192.168.8.1, zina ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo pasiwedi yolowera kawirikawiri imakhala pa chomata cha pansi chija. Funani pomwe palembedwa RSRP (mphamvu ya siginolo) ndi SINR (kuyera kwa siginolo poyerekeza ndi phokoso). RSRP ya -85 ndi yabwino. Ikafika -110 ndiye kuti mukungotola nyenyeswa. SINR ikhale pamwamba pa 10; ikayandikira 0, siginolo ilipo koma yadzaza phokoso, n'chifukwa chake timizere timaoneka tambiri koma tsamba osatseguka. Nyamulani rautayo muyende nayo, zenera ndi zenera, mukuyang'ana manambalawo akusintha. Makoma a njerwa zowotcha ndi denga la malata zimadya siginolo kwambiri, ndiye rauta yobisidwa kuseri kwa TV kapena m'kabati yagalasi yokhala ndi mbale za alendo sizingayende. Kungoisuntha mamita awiri kupita pazenera loyang'ana kunsanja ya netiweki kumasintha zinthu kuposa kugula bandulo yaikulu. Rauta ikamalemba kuti simu kulibe, zimitsani, tulutsani simuyo, pukutani golide wake ndi kansalu kouma. Intaneti ikamathamanga m'mawa n'kumakwawa kuyambira 7 koloko madzulo, nsanja yachulukiridwa anthu; pamenepo palibe chomwe mungakonze m'nyumba.

A fibre (intaneti yobwera ngati kuwala kudzera m'chingwe), nyali zanu pa rauta ndi ziwiri: yolembedwa PON ndi yolembedwa LOS. PON iyake mokhazikika, LOS ikhale yozima. LOS ikamaphethira mofiira, kuwala sikukufika. Londolani kachingwe kopyapyala ka fibre: kapindika mwamphamvu pakona, kapanidwa ndi chitseko, kapena makoswe akatafuna kudenga? Muli ulusi wagalasi m'kati, sulumikizika ndi tepi ngati waya wamagetsi. Kankhani mutu wake wobiriwira kapena wabuluu mpaka ulire kuti tha, ndipo osasuzumira kumapeto kwake: kuwalako sikuoneka koma kumawononga maso. LOS ikakhalabe yofiira, imbani ku kampani muwauze zomwezo, kuti atumize amisiri osati kukuuzani zozimitsa ndi kuyatsa.

Pali vuto lina lozunguza mutu: nyali zonse zili bwino, WhatsApp ikuyenda, koma masamba akukana. Lembani ping 8.8.8.8 mu cmd. Ikayankha, koma ping google.com n'kukana, vuto ndi DNS, yomwe imamasulira dzina la tsamba kukhala adiresi ya manambala. Ikani 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1 pamalo a DNS m'kati mwa rauta kapena pa kompyuta, zitheka.

Kabowo ka Reset kaja, komwe mumabaya ndi phini kwa masekondi 10, kamafufuta zonse: dzina la WiFi, pasiwedi, APN (dzina lomwe simu imalowera pa intaneti), ndipo pa fibre ngakhale dzina ndi nambala zachinsinsi za PPPoE, zolowera pa intaneti ya kampani, zomwe amisiri analowetsa tsiku lokulumikizani. Ngati mulibe pomwe munazilemba, jambulani kaye masamba a m'kati mwa rauta ndi foni, ndipo zachinsinsi zomwe zikuoneka ngati timadontho mufunse ku kampani musanabaye.