Mmene tinakonzekeretsera mwana wathu kujambulidwa akuphwanya keke

Mwambo wa cake smash unayambira ku America, ndipo ambirife tinauonera pa Instagram ndi Facebook. Mwana akamayandikira chaka chimodzi amamukhazika pansi, n'kumuikira kakeke kakekake kutsogolo kuti akagwire, akafinye, adzipake mmene angafunire, uku wojambula akutola zithunzi. Ukamaona zithunzi za anzako umaganiza kuti mwana amangofikira kulumphira keke. Ana ambiri satero. Pa msinkhu umenewu amakhala atayamba kuopa anthu achilendo, ndipo chinthu chonata, chozizira, chimene sanachigwirepo chimawanyansa. Choncho kukonzekera kwathu konse kunali kwakuti mwana wathu wamkazi akapeze zachilendo zochepa pa tsikulo.

Wojambula wathu kuno ku Lilongwe anatilangiza kubwera mwana ali ndi miyezi 11, kuti zithunzi zikhale zitatuluka tsiku lobadwa lisanafike. Nthawi ndinasankha ndine, poti tulo take ndimatidziwa ndine. Amagona cha m'ma 9 koloko m'mawa, akadzuka amakhala wansangala kufikira masana, ndiye tinagwirizana za 10:30. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo dzuwa la masana likanasungunula kirimu n'kumunyong'onyetsa mwana. Amene mukajambulitse mu Juni kapena Julaye, funsani ngati chipindacho n'chofunda, chifukwa mwana amakhala pansi atavala thewera lokha.

Pa keke m'pamene ndinakhalitsa. Mu keke mumalowa mazira, mkaka wa ng'ombe ndi ufa wa tirigu, ndipo zonsezi zili m'gulu la zakudya zimene ana ena matupi awo sagwirizana nazo. Sindinafune kuti tikatulukire zimenezo ku situdiyo. Masabata angapo tsikulo lisanafike ndinaonetsetsa kuti chilichonse wachidyapo pachokha kunyumba, ndikuyang'ana ngati watuluka zidzolo, watupa milomo kapena wasanza. Mtedza ankadya kale m'phala la nsinjiro, dzira lowiritsa ankadyanso, chatsopano chinali batala wa mu kirimu basi.

Wophika keke ndinamuuza momveka kuti asaikemo uchi. Mwana wosakwana miyezi 12 sapatsidwa uchi chifukwa ungamudwalitse matenda a botulism, ndipo kuphika sikuchotsa vutolo. Anthu amaiwala kuti mwana wopita ku cake smash nthawi zambiri amakhala asanakwanitse chakacho. Za shuga, bungwe la World Health Organization limalangiza kuti ana osakwana zaka ziwiri asamadye zakudya za shuga wambiri, ndiye tinapanga keke ya nthochi zakupsa, shuga n'kungothira pang'ono. Inali yaing'ono, masentimita 15 m'mimba mwake. Fondant, chikuto cha shuga chimene amavindikira nacho keke, tinakana chifukwa ndi yolimba, tizala ta mwana sitingaiboole. Timikanda ta shuga, mtedza wathunthu ndi mphesa tinakananso, zimatsamwitsa. Mtundu tinasankha woyera ndi wachikasu pang'ono. Kirimu yofiira ikapakika pakamwa imaoneka ngati magazi, ndipo ya chokoleti sioneka bwino pamiyendo ndi pathewera.

Apongozi anga sanasangalale atamva zimene tikufuna kuchita.

"Amake mwana, chakudya sasewera nacho. Anthu akugona ndi njala, inu mukuti mwana apondeponde keke?"

"Amayi, mwanena zoona. N'chifukwa chake tapanga yaing'ono. Mbali imene saigwira tidula, tidzadya ndi tiyi madzulo. Ndipo ndikupempha kuti mupite nafe, mwanayu akakuonani amakhazikika."

Mawu awo sindinawatenge mopepuka, chifukwa nanenso ndinaleredwa choncho. Ndimaona kuti keke ya magawo awiri kapena atatu pa mwana mmodzi n'kuwononga, ngakhale pazithunzi sionjezera kanthu. Apongozi anavomera kupita, ndipo anatithandiza kwambiri.

Chimene chinatipulumutsa kwenikweni ndi kuyeserera kunyumba. Ana athu ambiri timawadyetsa ndi supuni, ndipo akangodontheza timathamangira kuwapukuta, moti mwana amaphunzira kuti manja onata ndi vuto. Sabata yomaliza ndinkamuyalira mphasa, n'kumukhazika atavala thewera lokha, n'kumupatsa mbamu ya nsima yozizira, mbatata yophika kapena nthochi yofinya kuti azikanya yekha. Kenako ndinamuikira kakeke kakang'ono kopaka kirimu yomweyo ya tsikulo. Anakakhudza ndi chala chimodzi, n'kuyang'anitsitsa chalacho, n'kundiimikira dzanja kuti ndimupukute. Sindinamupukute. Ndinatapa kirimu ndi chala changa, n'kunyambita iye akuona, n'kumusekerera. Anatembenuza kadzanja kake kangapo, kenako kachala kaja kanalowa m'kamwa. Ulendo wotsatira sanadikirenso kuti ndiyambe ndine.

M'chikwama ndinalongedza usiku: zovala zojambulira, zovala zobwerera, matewera, thaulo, chitenje, madzi akumwa, jumbo la zovala zakuda ndi kamthiko kakang'ono. Inenso ndinavala zosadandaulitsa, chifukwa mwana akatopa amakwawira kwa mayi ake ali kirimu yekhayekha.

M'mawa wa tsikulo keke ndinaitulutsa m'furiji kutatsala maola awiri, kuti kirimu ifewe komanso isazizire. Mwana ndinamuyamwitsa pang'ono tisanalowe. Wanjala amangolira, wokhuta kwambiri saiyang'ana n'komwe keke. Tinafika nthawi isanakwane, ndipo ndinamusiya akwawe m'chipindamo, agwire nsalu ya kumbuyo, amuone wojambulayo ali pamiyendo panga. Ndinapempha kuti mabaluni akhale kutali ndi pamene angafikire, chifukwa kachidutswa ka baluni yophulika kangamutseke kummero. Kandulo sitinayatse, ndipo kamtengo ka nambala 1 kozika pamwamba pa keke tinakazula titangotola chithunzi choyamba.

Tinayamba ndi zithunzi za zovala zoyera, ali yekha ndiponso ali ndi bambo ake ndi agogo ake. Keke inabwera pomaliza, iye atavula nsapato ndi masokosi kuti asaterereke. Anaiyang'ana, n'kuyang'ana ine, milomo n'kuyamba kunjenjemera. Wojambula anati, "Amayi, gwadani pambali pa kamerayi kuti akamakufunani aziyang'ana kuno." Ndinaboola keke kumbuyo ndi chala, n'kumupaka pang'ono pamlomo. Agogo ake anayamba kuwomba m'manja n'kumuitana ndi dzina limene amamutchula kunyumba. Nditamupatsa kamthiko kaja, kamene amasewera nako tsiku lililonse kukhitchini, anamenya keke kawiri, n'kuponya kamthiko, n'kulowetsa manja onse awiri.

Chisangalalocho sichikhalitsa. Pasanathe kotala la ola anayamba kukwawira kwa ine n'kumatikita m'maso ndi manja a kirimu, ndipo ndinati basi. Wojambula wabwino amakhala atatola kale zokwanira, ndipo mwana amene wasonyeza kuti watopa sayenera kubwezedwa pakeke.

Tinamaliza ndi kusamba m'beseni, komwenso kumajambulidwa. Madzi anali ochepa, ofunda pafupifupi madigiri 37, ndipo ndinawayesa ndi chigongono ndisanamuikemo. Ndinakhala pafupi poti dzanja langa limufikire nthawi yonse, chifukwa mwana amamira ngakhale m'madzi ochepa. Ndinamusiya ndi thewera m'madzimo. Tisanatuluke tinagwirizana ndi wojambula, ndipo analemba pa lisiti, kuti zithunzi za m'beseni ndi za banja lokha, ndipo zina zonse sadzaziika pa tsamba lake la Facebook asanatifunse.