Zikomo kwa onse amene munatigwira dzanja pa terminal

Maphunziro athu a kayendedwe ka m'mafoda pa command line (kapena terminal, pomwe umalamula kompyuta polemba mawu) atha, ndipo tikuthokoza poyera aliyense amene anaikapo dzanja: aphunzitsi odzipereka, amene munabwereketsa makompyuta anu, komanso inu ophunzira amene simunatope kufunsa. Mutu umodzi susenza denga.

Tikuthokoza mwapadera inu amene munaumirira kuti phunziro loyamba likhale `pwd` (yoonetsa foda imene ulimo) ndi `ls` (yoonetsa zimene zili mufodamo) basi. Ena ankati nkutaya nthawi, koma zolakwa zambiri pa terminal zimayamba pomwe munthu sakudziwa foda imene alimo. Kuchokera apo zina zinayenda msanga: `cd ..` kukwera foda imodzi, `cd` yokha kubwerera ku home (foda yako yaikulu), `cd -` kubwerera komwe unali posachedwa, poti shell (pulogalamu yolandira malamulo amene ukulemba) imasunga malowo mu `OLDPWD`. Kwa wodumphadumpha pakati pa mafoda atatu kapena anayi, `pushd` (kupita ku foda ina nkusunga yomwe unali pa mndandanda) ndi `popd` (kubwererako) ndiye zothandiza, ndipo `dirs -v` imaonetsa mndandanda wonse.

Zikomonso pa nkhani ya batani la Tab. Kuidina kamodzi imamaliza dzina, kawiri mu bash (mtundu wa shell) imaonetsa mayina onse oyenera. Imapewetsa mavuto awiri: pa Linux `Malipoti` ndi `malipoti` ndi mafoda osiyana, ndipo dzina lokhala ndi mpata limasokoneza. Mukalemba `cd Malipoti 2024` shell imaona mawu awiri nkukana. Pamafunika `cd "Malipoti 2024"`, kapena Tab ikuikireni yokha `\` patsogolo pa mpatawo.

Pomwe munakhetsa thukuta kwenikweni ndi pa `find`. Lamulo `find . -name "*.pdf" -mtime -7` limasaka ma PDF osinthidwa m'masiku 7 apitawa, kuyambira pomwe muli kutsika mmunsi. Zizindikiro za `" "` sizokongoletsa ayi. Mukazisiya, shell imatambasula `*.pdf` kukhala mayina a ma PDF a pomwe muli isanapereke kwa `find`. Ngati pomwe mulipo pali ma PDF awiri, `find` imadandaula, ndipo bola pamenepo. Choopsa ndi pamene ilipo imodzi: imasaka dzina lokhalo mwakachetechete, inu nkumaganiza kuti mafailo enawo kulibe.

Sitingaiwale amene munabwereza mpaka kutopetsa kuti `rm`, yofufutira mafailo, ilibe bini yoti nkuwabweza. Chizolowezi munachiphunzitsa nchosavuta: yambani ndi `ls *.tmp`, onani zomwe zatuluka, dinani muvi wopita mmwamba, kenako sinthani `ls` kukhala `rm`. Mpata umodzi wolowerera, `rm * .tmp`, umafufuta mafailo onse osabisika a mufodamo. Nayo `mv`, yosamutsira mafailo, imalemba pamwamba pa failo ya dzina lomwelo osafunsa, pokhapokha mutaikapo `-i`. Ife tikuona kuti `-i` iyenera kukhala chizolowezi kwa aliyense woyamba kumene, ngakhale akatswiri ena amati imachedwetsa.

Zing'onozing'ono nazo zinapindula: `ls -ltr` kuti failo yatsopano ikhale pansi penipeni, `mkdir -p` kupanga mafoda angapo otsatana pakamodzi, `du -sh *` kupeza foda yadya malo, ndi Ctrl+R kufukula lamulo lakale polemba zilembo zitatu zokha.

Kwa inu amene munkakhalira pambuyo pa phunziro kuthandiza anzanu omwe atsekeredwa mu `less` (yowerengera mafailo) osadziwa kuti potuluka ndi `q`, zikomo kwambiri. Ambuye akudalitseni.