Bambo tawaika, zikomo nonse

Tafika dzulo usiku kuno ku Joni. Miyendo idakali yotupa, mawu anatha, koma ndati ndisagonenso ndisanathokoze. Bambo tinawaika Loweruka kwawo ku Chiradzulu, pafupi ndi agogo, monga ankafunira. Ambuye alemekezeke, chifukwa tsiku limene anatisiya kuchipatala lija ine ndinalibe ngakhale ya bokosi.

Zikomo amayi a Mvano, munagona nafe pa siwa masiku anayi ku Rosettenville. Anyamata a pagulu lathu la WhatsApp, chipepeso chanu ndi chimene chinalipira galimoto. Adalaivala, kuchoka Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza osadandaula, Mulungu akudalitseni. Mafumu ndi adzukulu kumudzi, zikomo.

Koma amalume osapota timu ya Kaizer Chiefs aja, abale inu, ndiyambire pati?

Si amalume a magazi, mukudziwa. Anakumana ndi bambo kumigodi nthawi ya TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi lija, ndipo kuyambira pamenepo sanagwirizanepo pa nkhani ya mpira. Bambo anali a Orlando Pirates mpaka m'mafupa. Ankati Chiefs ndi mwana wawo, poti Pirates inayamba mu 1937 ku Orlando East, ndipo Kaizer Motaung anakulira momwemo asanapite ku Atlanta Chiefs ku America n'kubwera kudzayambitsa timu yake mu 1970. "Mwana sanyoza bambo wake," amatero. Amalume amabweza ndi Patrick Mabedi, Mmalawi mnzathu amene anakhalapo kaputeni wa Chiefs. Bambo amangoloza nyenyezi ya pamwamba pa baji, nkhani n'kuthera pomwepo. Mayi ankawathamangitsira panja ndi mbale zawo za nsima.

Usiku wachiwiri wa siwa, nyimbo zitaduka, amalume anandiuza kuti ndikatenge kope la bambo lija, lachikuto chakuda, limene ankalembamo zotsatira za masewero onse. Anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mokweza. Disembala 1995: zigoli ziwiriziwiri ndi ASEC Mimosas ya ku Ivory Coast pa bwalo la FNB, aliyense atataya mtima, kenako ku Abidjan Jerry Sikhosana kuchinya chimodzi chokha chija, Pirates n'kukhala timu yoyamba ya South Africa kutenga chikho cha akatswiri a mu Africa. Ndiyo nyenyezi ija. Anawerenga za 2011 ndi 2012, zikho zitatuzitatu zaka ziwiri zotsatizana. Pa 2013, pamene Al Ahly ya ku Egypt inatigonjetsa mu ndime yotsiriza ya chikho cha mu Africa chija, bambo anangolemba liwu limodzi, "zowawa." Zigoli 16 za Gabadinho Mhango mu ligi yotha mu 2020 anazidula mzere kawiri ndi bolopeni yofiira, ngati anachinya ndi mwana wawo wobala okha.

Tangoganizani, munthu wa Chiefs akuwerenga ulemerero wa Pirates, mawu akunjenjemera. Anthu anaseka pamaliro, inenso ndinaseka, koyamba chichitikireni zovutazi.

Atafika pa tsamba la 11 Epulo 2001 anasiya. Palibe zigoli pamenepo, bambo anangolemba 43, chiwerengero cha anthu amene anafa popanikizana pa bwalo la Ellis Park tsiku la Chiefs ndi Pirates. Amalume anatseka kope n'kutiuza kuti anapita limodzi usiku umenewo, ndipo iwo atagwa pakati pa chikhamu, anali bambo amene anawakoka pakolala mpaka kuwatulutsa. Zaka zonsezi m'nyumba mwathu palibe anatiuzapo. Mayi okha ndi amene ankadziwa.

Ndiye ndamvetsa tsopano, amalume. Ndamvetsa chifukwa chake munatseka shopu yanu yosokera sabata ziwiri. Inu ndi amene munkaima pa mizere ya mapepala ine nditasokonezeka mutu, osadziwa kuti ofesi iti ikufuna chiyani. Ndalama zitaperewera munasowa masana onse n'kubwera ndi envulopu, kuti eti anzanu asonkha. Ndamva kwa azakhali kuti munagulitsa makina anu amodzi. Musawakalipire, ndinachita kuwakakamiza. Ulendo wonse munakhala kumbuyo pafupi ndi bokosi, shuga wanuyo, osalola kusinthana ndi wina aliyense.

Enanu amene munkadzaza pabalaza pathu Pirates ikutenga chikho cha MTN8 katatu kotsatizana, 2022 mpaka 2024, mukumwa za bambo n'kumawatcha mdala wathu, mafoni anu anathima sabata yonse. Sitikudandaula ayi, tangoona. Mulungu akusungeni ndi moyo wautali.

Kumanda, abusa atamaliza, amalume anavula jekete. M'kati anali atavala jeze yakuda ya bambo ija, ya chigaza ndi mafupa. Anapingasa manja pachifuwa monga amachitira masapota a Pirates, osanena kanthu. Anthu akumudzi sanamvetse, ena ankanong'onezana, koma ife a ku Joni tinalira ngati maliro angoyamba kumene. Chithunzi ndili nacho koma andiletsa kuika pano, ati anzawo a Chiefs angawachotse pagulu.

Kope lija tawapatsa amalumewo. Ati apitiriza kulemba zotsatira zonse, kungoti Pirates ikaluza azilemba ndi zilembo zikuluzikulu. Lembani mmene mungafunire, amalume. Koma makina aja tikawaombola mwezi ukatha, ndipo musayerekeze kukana.