Khadi lachitatu limene sindinkalidziwa

Ndinali nditangofika kuchokera ku ntchito ya usiku, nsapato zili kuphazi, pamene bambo amene ankatithandiza kufunafuna ngongole yogulira nyumba kuno ku Nottingham anaimba foni. Anati, "Mayi, pa fomu paja munalemba kuti muli ndi makhadi a ngongole awiri, koma pa lipoti lanu akuoneka atatu." Ndinakana ndi mtima wonse. Makhadi anga ndimawadziwa, onse awiri anali m'chikwama changa nthawi imeneyo. Anandiwerengera dzina la kampani imene inapereka khadi lachitatulo, ndipo dzinalo ndinali ndisanalimvepo chibadwire.

Tulo tonse tinabalalika. Chimene chinandibwerera m'mutu ndi chakuti wina wandibera dzina n'kutengera ngongole. Tinali titadzimana zaka zingapo, kwinaku tikutumiza ndalama za fizi kumudzi, kuti tipeze ndalama yoyambira kugula nyumba, ndiye zonsezo zigwe chifukwa cha khadi losadziwika? Bambo a kunyumba anandikhazika pansi n'kunena kuti, "Mayi, musalire maliro musanaone mtembo. Tiyeni tilione kaye lipotilo ndi maso athu."

Kuno ku Britain mbiri ya ngongole za munthu imasungidwa ndi makampani atatu akuluakulu: Experian, Equifax ndi TransUnion. Malamulo amalola munthu kupempha lipoti lake kwa aliyense mwa iwo popanda kulipira, ndipo limatchedwa statutory credit report. Pa mawebusayiti awo amayamba kukuonetsani zolipira mwezi ndi mwezi, choncho muyenera kufufuza mawu amenewa mpaka muwapeze. Ine ndinapempha kwa onse atatu, ndipo ndinachita bwino, chifukwa khadilo linaoneka pa malipoti awiri okha. Si wobwereketsa aliyense amene amatumiza mbiri ya makasitomala ake ku makampani onse atatu. Ndikanangotenga lipoti limodzi lija lopanda khadilo, ndikanakangana ndi bambo aja pachabe.

Popempha lipoti amafunsa maadiresi onse amene munthu wakhalapo zaka zapitazi. Ife obwera timasamukasamuka kwambiri zaka zoyamba, lero chipinda cha kwa mnzako wa kutchalitchi, mawa nyumba yogawana ndi anthu asanu. Ndinachita kutulutsa makalata akale kuti ndikumbukire ma postcode, malemba ndi manambala a pa adiresi osonyeza dera. Chinandithandiza n'chakuti ndinkalembetsa m'kaundula wa ovota paliponse pamene ndasamukira, poti Amalawi okhala kuno movomerezeka timaloledwa kuvota monga nzika za Commonwealth, ndipo kaundula ameneyu ndi amene makampaniwa amagwiritsa ntchito potsimikiza kuti munthu ndi yemweyo.

Lipoti litabwera ndinaliwerenga pang'onopang'ono ngati kalata ya kuchipatala. Pa akaunti yosadziwikayo panali dzina la kampani, tsiku limene inatsegulidwa, malire a ndalama zimene ndingabwereke, manambala ochepa otsiriza a akauntiyo, ndi adiresi. Ngongole inali £0, ndipo mwezi uliwonse kwa zaka zonsezo panalibe cholakwika. Apa mtima unayamba kutsika. Wakuba satsegula khadi kuti alisiye osagwiritsa ntchito. Koma sindinakhutire, chifukwa dzinalo linali lachilendobe.

Chimene chinamasula mfundo ndi tsiku ndi adiresi. Akauntiyo inatsegulidwa mu Novembala, chaka chimene ndinkakhala m'kachipinda kena pamwamba pa sitolo, ndipo chaka chimenecho ndi chimene ndinapita koyamba kumudzi kukadya Khirisimasi. Aliyense amene anapangapo ulendo woyamba wobwerera kwawo akudziwa mmene katundu amachulukira: nsapato za amayi, jekete la abambo, tizovala ta ana a achemwali, ndiponso masutikesi oti zonsezo zilowemo. Ndinakumbuka nditaima pa kauntala ya sitolo ina yaikulu ya zovala, mtsikana wogulitsa akundiuza kuti ndikalembetsa khadi la sitoloyo andichotserako mtengo tsiku lomwelo. Ndinasaina. Nditabwerako ku Malawi ndinalipira zonse kamodzi, khadilo n'kuliponya penapake.

Chimene sindinkadziwa nthawi imeneyo n'chakuti kawirikawiri sitolo sibwereketsa ndalama. Dzina lake limangokhala pamwamba pa khadi, koma mwini ngongole ndi banki kapena kampani ina ya zachuma, ndipo dzina la kampani imeneyo ndi limene limalembedwa pa lipoti. Komanso makampani amenewa amagulana. Makhadi a Egg anapita m'manja mwa Barclaycard mu 2011, ndipo MBNA inagulidwa ndi Lloyds Banking Group mu 2017. Munthu angathe kutenga khadi kwa wina n'kudzapezeka kuti akaunti yake ili kwa wina, makalata odziwitsa za kusinthako atapita ku nyumba imene anasamukako kalekale. Ndimaona kuti si bwino kuti munthu azisainitsidwa ngongole pa kauntala, pamzere pali anthu kumbuyo, katundu ali m'manja. Pamenepo palibe amene amawerenga timalemba ting'onoting'ono.

Ndinafunabe umboni wogwirika. Ndinalowa mu imelo yanga yakale n'kufufuza dzina la sitoloyo, kenako mawu akuti credit agreement, kutanthauza pangano la ngongole. Panatuluka uthenga wondilandira monga kasitomala watsopano, ndipo pansi penipeni panali dzina lomwe lija la pa lipoti. Madzulo ake bambo a kunyumba anatsitsa masutikesi akale pamwamba pa wadiropu, ndipo m'kathumba ka m'kati mwa imodzi munali khadilo, pamodzi ndi tindalama ta makwacha totsala pa ulendo uja. Linali litatha ntchito kalekale. Kumbuyo kwake, m'malemba ofunika magalasi, munalembedwa kampani imene inalipereka. Amene muli ndi khadi m'manja yambirani kumbuyoko. Manambala a kutsogolo nawonso amalankhula: loyamba ndi 4 ndi la Visa, loyamba ndi 5 kapena 2 kawirikawiri ndi la Mastercard, loyamba ndi 34 kapena 37 ndi la American Express, ndipo manambala 6 kapena 8 oyambirira ndi amene amasonyeza banki yeniyeni. Visa ndi Mastercard sabwereketsa munthu ndalama, iwo ndi njira yodutsamo malipiro basi, ndiye kudziwa zimenezo kokha sikukufikitsani patali.

Nambala ya foni sindinaitenge pa khadi lakalelo kapena pa zotsatsa zimene zimayamba kuoneka pa Google. Ndinapita pa kaundula wa Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira makampani a zachuma kuno, n'kulemba dzina la kampaniyo. Pamenepo pamaoneka ngati ndi yovomerezeka, mayina ena amene imagwiritsa ntchito pa malonda, ndi njira zoipezera. Ndinachita zimenezi chifukwa pa foniyo ndinkadziwa kuti ndinena tsiku langa lobadwa ndi maadiresi anga, zinthu zimene sindingapereke kwa munthu wosadziwika.

Kuimbako kunatenga nthawi. Mawu achinsinsi ndinali nditawaiwala, nambala ya foni imene anali nayo inali ya simu imene ndinataya kalekale. Anandifunsa adiresi yakale, tsiku lobadwa, kenako anati nditumize chithunzi cha chiphaso ndi kalata yotsimikiza kumene ndikukhala pano. Patapita masiku angapo ndinaimbanso, ndipo mayi amene anandiyankha anatsimikiza kuti akauntiyo inali yotsegula, yopanda ngongole. Kenako ananena chinthu chimene chinandizizira m'mafupa: khadi lakale litatha, latsopano linatumizidwa ku adiresi imene anali nayo, ku kachipinda kaja. Khadi la dzina langa linagwera pakhomo la anthu amene sindikuwadziwa. Palibe amene analigwiritsa ntchito, koma ndinaona pamene ndinapulumukira. Kudula khadi ndi sizasi kapena kuliiwala m'sutikesi sikutseka akaunti.

Zikanapezeka kuti si langa, njira inalipo. Ndikanauza kampaniyo kuti ndi chinyengo, n'kudandaulanso kwa osunga lipoti, amene ayenera kuyankha pasanathe masiku 28. Kampani ikapanda kuthetsa dandaulo pa milungu 8, munthu angathe kutengera nkhaniyo kwaulere kwa Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo a anthu pa makampani a zachuma. Palinso Cifas, bungwe lolimbana ndi chinyengo, kumene munthu amalipira kandalama kuti dzina lake liikidwe chizindikiro, obwereketsa azifufuza kawiri wina akafuna ngongole m'dzinalo. Mnzanga wina wa kuntchito anadutsa njira imeneyo, ndipo inamutengera miyezi.

Funso lotsala linali lakuti nditseke kapena ndisiye. Anthu ena amati akaunti yakale yopanda banga imakongoletsa mbiri ya munthu, ndipo n'zoona. Bambo otithandiza pa ngongole ya nyumba aja anandiuza kuti obwereketsa ena amawerengeranso ndalama zimene munthu angathe kubwereka ngakhale sanazikhudze. Ine ndinaganizira za khadi logwera pakhomo la eni, ndipo ndinasankha kutseka. Ndinayamba ndasinthitsa adiresi, kenako ndinapempha kuti atseke ndi kunditumizira kalata yotsimikiza. Lipoti silinasinthe msanga, poti obwereketsa amatumiza mbiri kamodzi pa mwezi. Patapita milungu pafupifupi isanu ndi umodzi ndinayang'ananso, ndipo akauntiyo inalembedwa kuti yatsekedwa. Idzaonekabe pamenepo kwa zaka 6 isanafufutike. Kalata yotsimikizayo ndinaitumiza kwa bambo aja tsiku lomwelo, ndipo fomu yathu inapita patsogolo sabata yotsatira.